Zikomo kwa bambo amene anandiphunzitsa kufewetsa waya

Ndikuthokoza bambo wina wachikulire amene ndinakumana nawo ku Kabwata Cultural Village, malo ogulitsira zaluso ku Lusaka, mwezi watha. Ndinafika pamalo pawo nditanyamula mwala wokongoletsera wa amethyst wochokera ku migodi ya ku Mapatizya, mtima uli pansi, chifukwa waya wanga wa kopa unkangoduka ndikamakulunga mwalawo. Ndinali nditatsala pang'ono kuisiya ntchito yopanga mikandayi.

Bambo, munangougwira waya uja n'kundiuza kuti wauma chifukwa choupindapinda, pakuti kopa akamapindidwa amalimba, kenaka amathyoka. Munauika pa mbaula mpaka unafiira pang'ono, n'kuuviika m'madzi. Unafewa ngati luzi lonyowa! Munasiya ntchito yanu, makasitomala akudutsa, n'kundionetsa kuti waya wokhuthala ndi wopangira chimango chogwira mwala m'mbali, ndipo wopyapyala ndi wolukira maluwa pamwamba pake. Za kukulunga mano a pulayasi ndi tepi kuti asakande kopa, ine ndekha sindikanaziganiza. Munandichenjezanso kuti amethyst akakhalitsa padzuwa amasuluka, pamene ine ndinkayanika miyala yanga pazenera tsiku lonse. Nditatulutsa kandalama kothokozera, munakana.

Nanunso amayi amene tinakwera limodzi minibasi ya ku Chilenje, munanditolera kathumba ka miyala kamene kanagwera pansi pa mpando n'kundithamangira nako, Mulungu akudalitseni.

Mkanda woyamba umene waya wake sunaduke ndaumaliza Lachiwiri. Bambo, Loweruka ndikubwera nawo kuti muuone ndi maso anu.