Dzanja la Ankhoswe

Nditangoika GIMP pa laputopu yanga yakale, pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi ija imene timathawirako ife osowa ndalama ya Photoshop, ndinayamba kudzitcha katswiri. Ndinali nditangoonera mavidiyo atatu pa YouTube, bandulo n'kutha.

Mbiri inawafika azakhali anga ku Chibavi. Anandipatsa fulashi ya zithunzi za chinkhoswe cha msuweni wanga. "Iwe, ichi n'chopachika pabalaza. Uchikonze chiwale."

Chinalidi chakuda, paja kuno ku Mzuzu mitambo sichedwa kusonkhana. Ndinakweza brightness mpaka msuweni wanga anayera ngati wagwera m'thumba la ufa. Ndinabweza ndi Ctrl+Z, mtima m'malo. Kenako diso linagwera pa bambo wina kumbuyo, jekete lalikulu, Fanta m'manja, mano onse pamtunda. Ndinati awa ndi aja amangolowerera pa zisangalalo kudzadya mpunga. Ndinatenga clone tool, kachida kokopera mbali ina ya chithunzi n'kumata pena, ndipo ndinawamata njerwa za khoma mpaka anazimiririka.

Odziwa ntchito amayamba asunga kope lina la chithunzi, n'kumakonzera pa layer yapadera, yokhala ngati pepala loonekera losanjika pamwamba pa chithunzi. Ine zimenezo ndinkaziona ngati mantha. Ndinadina Overwrite pa fulashi yomweyo, chithunzi chokonzacho n'kulowa m'malo mwa choyambirira. Posakhalitsa magetsi anathima, laputopu nayo thii, poti batire yake inafa kalekale. Magetsi atabwera, Ctrl+Z inali itaiwala zonse.

Ndinakachapitsa chithunzicho m'tauni, n'kukwera kabaza monyada. Azakhali anavala magalasi, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Ankhoswe akuchimuna ali kuti?"

Ndinameza malovu. Amalume anachilanda, ndipo ndi iwo anatulukira zoopsa: m'chithunzimo, paphewa pawo panali dzanja. Zala zisanu, wotchi yonyezimira, mwini wake palibe, likungotuluka m'khoma. Mayi wina woyandikana nawo nyumba anabwerera chambuyo, amvekere zimenezi n'zofunika abusa.

Ndinathamangira kwa wojambula ku Katoto. Anati khadi lake anafufuta kale, analipo ndi ukwati wina Loweruka.

Chithunzicho chinapachikidwabe, poti ndalama ya fulemu inali itapita. Padzanja paja azakhali anamatapo duwa lapulasitiki. Ankhoswe atabwera pa Khirisimasi anaima pansi pake, n'kuunguza uku ndi uku.

"Kodi tsiku limeneli ine ndinali kuti?"

Azakhali anangondiloza ndi mlomo. Ine ndinadzipereka kukatunga madzi.