Loweruka: za moto ndinkadziwa ine, m'busa wanga ayi

Anzanga onse apita, madayisi akadali mbwee patebulo. Ndikulemba ndisanagone chifukwa mawa ndikhoza kuiwala mmene mtima unandigundira madzulo ano.

Tinakumana anthu asanu monga timachitira Loweruka lililonse. Achemwali anga ndi amene amayendetsa masewera athu a patebulo, momwe timasewera ngati anthu a m'nkhani yopeka, otchedwa Dungeons & Dragons: amafotokoza malo, amalankhulira zilombo ndi anthu onse amene timakumana nawo m'nkhaniyo. Ife anayi aliyense ali ndi munthu wake. Wanga ndi mnyamata woweta nkhosa amene anagwira lupanga koyamba miyezi iwiri yapitayo. Kuwerenga sadziwa, ndipo kuseri kwa mapiri a kwawo anali asanafikeko.

Lero tinalowa m'phanga. Achemwali anatsitsa mawu n'kuyamba kufotokoza chinthu chachitali, chobiriwira, cha manja ofika m'mawondo ndi zikhadabo zakuda. Dzina sanatchule, koma ine ndinachizindikira asanamalize n'komwe. Inali troll. Chilombochi chilimo m'masewerawa kuyambira pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anawatulutsa mu 1974, ndipo aliyense amene wasewerako kanthawi amadziwa chinsinsi chake. M'malamulo a 2014 amene timagwiritsa ntchito, nthawi yake yomenya ikangokwana chimabwezeretsa mapointi 10 a moyo. Ungachiteme bwanji, chimadzukanso, pokhapokha utachiwotcha ndi moto kapena kuchithira asidi.

M'busa wanga anali ndi lupanga kumanja, muuni woyaka kumanzere. Yankho linali m'dzanja lake lenilenilo. Achemwali anandiyang'ana: "Nanga inu, mukutani?"

Ndinakhala chete kwa kanthawi. Ine wa patebulo ndinkadziwa za moto. Mnyamata uja, m'phanga muja, ankangoona chinthu choopsa chikumubwerera, ndipo munthu wamantha amadalira chimene manja ake azolowera. Ndinati akutema ndi lupanga.

Anatema, magazi anatuluka. Nthawi ya chilombo itakwana, achemwali anafotokoza mmene bala lija linatsekekera pang'onopang'ono, khungu n'kubwerera ngati silinakhudzidwe. Apa m'pamene ndinayang'ana mng'ono wanga. Iye lero kanali kachitatu kusewera, ndipo za troll sankadziwa kanthu. Maso anatong'ola, pensulo ili m'kamwa. Mantha ake sanali ochita kuyerekezera. Anaponya mivi iwiri, yonse inalasa, mabala onse anapola. Anayamba kuwerenga pepala lake mothamanga, kufunafuna chimene chingatipulumutse.

Kenaka chilombo chinandigwira pachifuwa, ndipo achemwali, mwaluso lawo, anati muuni unakhudza mkono wake. Chinakuwa. Malo opsawo sanapole.

"Achimwene, moto! Chiwotcheni ndi moto!" Mng'ono wanga anaimirira mpando n'kugwa kumbuyo.

Ndikanalankhula poyamba paja, nkhondoyo ikanatha msanga, iye akanangomvera malangizo anga n'kuponya dayisi. Chimene anachipeza yekhacho ndikanamulanda. Pa zonse za lero, ichi n'chimene chandikhala mumtima.

Titapuma pang'ono panabuka mkangano. Mnzathu amene amasewera wamatsenga anati ndinaika gulu lonse pangozi popanda chifukwa. Mfundo yake inali yolimba ndithu: m'dziko limene zilombo zotere zimayendayenda, kodi abusa sangauzane nthano zake usiku? Amene nkhosa zake zimadyedwa ndi troll ndiye woyamba kudziwa kuti imaopa moto. Anawonjeza kuti ngakhale kudziletsa kwangako kunachokera pa zimene ndimadziwa. Munthu wosadziwadi, ngati mng'ono wanga, akanatha kungoponya muuniwo mwamwayi, osatsutsidwa ndi aliyense. Ine ndinaupewa chifukwa chodziwa kuti ndiwo yankho. Ndiye anafunsa: uyenera kunamizira umbuli kangati kuti uloledwe kuchita chanzeru? Kawiri? Katatu?

Funso limeneli landivutitsa mpaka pano. Azungu amachitcha metagaming, kugwiritsa ntchito zimene wosewera akudziwa pomusankhira munthu wake zochita, ndipo ambiri amachinena ngati mlandu. Koma zimene uli nazo m'mutu sungazifufute. Ndinamuyankha kuti sindinkayerekezera uchitsiru. Ndinkafuna kuti nzeruyo ifike kwa m'busayo podzera m'maso mwake. Ndikuvomereza kuti njira ina inalipo: ndikanafunsa achemwali ngati mnyamatayo anamvapo nthano za chilombochi, iwo akanandiponyetsa dayisi ya nzeru, nkhani n'kutha. Ndikanakhala ndi akatswiri okhaokha patebulo, mwina ndikanatero. Lero panali munthu amene chinsinsicho chinali chikadali chinsinsi kwa iye.

Chodabwitsa n'chakuti pamene tinagwa tonse sipanali pa chilombo. Titalowa mkati mwa phangalo tinapeza chitseko chachitsulo. Mnzathu wina, amene amasewera mbala, anati afufuze misampha. Anaponya dayisi ya mbali 20, inagwa pa 3, nambala yotsika yosonyeza kuti mbalayo sinafufuze bwino. Achemwali anati, "Simukuona msampha uliwonse." Nthawi yomweyo wamatsenga uja anati naye aone. Ine ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti m'busa wanga abwerere m'mbuyo pang'ono. Chifukwa chiyani? Mbalayo ndi katswiri, wayang'ana, wanena kuti palibe kanthu. Anthu a m'nkhaniyo sanaone 3 ameneyo, tinamuona ndife. Dayisi ikanagwa pa 19 tonse tikanalowa chitsekocho tikuimba.

Apa ndipo povuta kwenikweni. Za troll umazizindikira kuti ukuzidziwa, umakhala ndi mpata wosankha. Nambala ya patebulo imakulowa usanaganize. N'chimodzimodzi gulu likagawikana: mnzako akukambirana zachinsinsi ndi mfumu m'chipinda china, iwe wamva zonse chifukwa mwakhala tebulo limodzi, ndiye munthu wako amene ali kumsika amayamba "kukayikira" mfumuyo popanda chimene waona.

Achemwali sanakalipe. Anangondifunsa modekha, "Achimwene, m'busa wanu waona chiyani chimene chikumubweza m'mbuyo?" Ndinalibe yankho. Ndinamubwezera pamalo pake pafupi ndi chitseko. Mbala inatsegula, singano ya poizoni inatuluka pa loko n'kuilasa padzanja, ndipo tinatha theka la ola tikuyesetsa kuipulumutsa. Mwini wake, amene ndinkaganiza kuti akhumudwa, ndi amene anasangalala kuposa tonse. Anati sabata yamawa mbala yake idzakhala yoopa chitseko chilichonse, ndipo tsopano ili ndi chifukwa.

Tisanabalalike tinagwirizana kuti madayisi a kufufuza misampha, kumvetsera kuseri kwa chitseko ndi kuzindikira wabodza aziponya achemwali kuseri kwa chotchinga chawo, ife tizingomva zimene anthu athu aona. Wamatsenga uja sanakhutirebe pa nkhani ya troll, ndipo wati tidzaipitiriza.

Ndisanaike mapepala m'chikwama ndatenga la m'busa wanga. Kumbuyo kwake ndajambula mzere n'kuyamba mndandanda wa zimene iye waona ndi maso ake. Pakadali pano pali ziwiri: chilombo chobiriwira sichipola chikapsa, ndipo mbala ikhoza kulakwitsa.