Sabata ya makuka: zomwe ndinapeza kuseri kwake

Lolemba foni inalira ndisanamwe ndi tiyi yemwe. Anali mayi wina wa ku Area 25 amene amaphika masikono ndi makeke ogulitsa. "Amisiri, uvuni wanga wafa. Mapuleti onse anayi akuyaka koma m'katimo muli zii." Wina anali atawauza kale kuti agule elementi yatsopano, chitsulo chimene chimatenthetsa uvuni, ndalama zake ataika padera.

Nditafika sindinatulutse n'komwe sikuludilaiva. Kawotchi kapatsogolo pa kuka, chitofu chawo chamagetsi, kankaphethira. Magetsi anali atazima usiku wa Lamulungu, ndipo pa makuka ambiri okhala ndi wotchi, moto wopita ku uvuni umadzera mu kawotchiko. Magetsi akabwera, uvuni suyaka mpaka munthu atchere nthawi. Ndinatchera, kagetsi kofiira kanayaka, m'kati munayamba kufunda. Ndinawaonetsa mabatani ake kawiri, iwo n'kuyesa okha kachitatu, ndipo ndinangolandira ya thiransipoti. Ndi mmene magetsi amazimirazimira kuno, ndimada nkhawa ndi maelementi abwinobwino amene amatayidwa chifukwa cha kawotchi.

Ntchito imene inandidyera masiku awiri inali ya ku Kawale. Dandaulo linali fungo la pulasitiki yopsa nthawi yophika nsima yamadzulo. Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anakoka kuka, ine n'kuzimitsa ku main switch, n'kuyeza kuti nditsimikize kuti mulibedi moto, kenaka tinatsegula chitsulo chakumbuyo. Pomangira mawaya panali patada bii, pulasitiki itasungunuka, kopa atasanduka wakuda. Sikuluwu imodzi inkatembenuka ndi chala chabe.

Chinandiopsa kwambiri ndi kumene waya ankachokera. Kuka ya mapuleti anayi ndi uvuni anailumikiza pa soketi wamba yapakhoma, ndi waya woonda wa saizi 2.5, ndipo mu pulagi, pamalo pa fyuzi, wina anakulungapo kawaya.

Ndinakhala pansi ndi bambo a pakhomopo, pepala lili m'manja. Magetsi athu ndi a 230 volts. Pulagi ya mano atatu fyuzi yake imalekeza pa 13 amps, kutanthauza pafupifupi 3,000 watts. Mapuleti awo, awiri a 2,000 ndi awiri a 1,500, akayatsidwa onse ndi 7,000 watts, zomwe ndi 30 amps, uvuni tisanauwerengere. Katundu wotere amafuna waya wakewake wonenepa wa saizi 6 kuchokera ku bolodi logawa magetsi m'nyumba, breaker yakeyake (switchi yozima yokha moto ukachuluka), ndi switchi yapakhoma yoti munthu aifikire osadutsitsa mkono pamwamba pa mapoto.

"Nanga bwanji breaker siinagwe, amisiri?"

Funso limeneli ndi labwino, ndipo ndimafuna aliyense wokhala ndi kuka alimvetse. Breaker imagwa moto ukadutsa wambiri kuposa mlingo wake. Polumikizira pakakhwefuka, moto wodutsa suchuluka ayi. Umangovutika kuwoloka pamalo aang'onowo, n'kumatenthetsa. Kutenthako kumakhwefula sikuluwu mowonjezera, kopa amachita dzimbiri lakuda, kutentha n'kukulirakulira. Breaker siiona chilichonse. Mphuno ya mayi wophika ndi imene inaona.

Bambowo anapempha kuti ndingokulungapo tepi kuti mwezi uthe kaye. Ndinawamvetsa, waya wa 6 si wotchipa masiku ano. Koma ndinakana. "Bambo, ana anu amagona chipinda chogundana ndi khitchini iyi. Masiku awiriwa aphikire pa mbaula, panja, ine ndibwera ndi zida." Lachitatu m'mawa ndinali kwa Malangalanga kusaka waya ndi pomangira patsopano, ndipo pofika madzulo kuka inali pa mzere wakewake. Masikuluwu onse ndinawabwereza kawiri.

Tili pomwepo ndinamuyezetsa mnyamata uja elementi ya uvuni kuti dzanja lizolowere. Ya 2,000 watts iyenera kuonetsa pafupifupi 26 ohms pa mita yathu yoyezera. Ikapanda kuonetsa kanthu ndiye kuti yaduka m'kati. Puleti imodzi inkangofunda ngakhale batani lili pa 6, pomaliza penipeni. Mapuleti achitsulo aja amakhala ndi makoyilo atatu m'kati, ndipo imodzi inali itaduka. Amenewo sakonzedwa, tinangosintha.

Lachinayi ku Area 18 ndinapeza chinthu chimene chimandipweteka mtima. Kuka inakhala m'galaja dzinja lonse, ndipo ataibwezera m'nyumba inkagwetsa earth leakage, switchi yozima yokha moto ukamathawira kwina, uvuni ukangoyatsidwa. Wina anabwera, n'kudula waya wa earth, umene umatengera pansi moto wothawa, kugwa kunatha, eni ake n'kuthokoza. Kenaka mtsikana wantchito anayamba kudandaula kuti chitseko cha uvuni chikumugwira akakhala wopanda nsapato.

M'kati mwa elementi muli ufa woyera, magnesium oxide, umene umalekanitsa waya wotentha ndi chitsulo chakunja. Ufa umenewu umamwa chinyezi. Ukanyowa, moto pang'ono umathawira ku thupi la kuka, ndipo earth leakage, imene imagwa pa 30 milliamps, imakhala ikugwira ntchito yake. Kudula earth ndi kusiya thupi la munthu kuti likhale njira ya motowo. Ndinabwezera waya uja, n'kuchotsa elementi yapansi, kukaiumitsa mu uvuni wa kushopu kwanga. Nditaiyezanso inali bwino. M'thonje lotchinga kutentha munalinso chisa cha khoswe ndi waya mmodzi wotafunidwa. Mtsikanayo ndinamuuza pamaso pa abwana ake kuti chitsulo chikadzamugwiranso, ngakhale pang'ono, asadzaphike mpaka mmisiri abwere.

Lachisanu inali ya gasi, ntchito yaifupi. Lawi lachikasu, mapoto akuda pansi. Timabowo ta mabena tinatsekeka ndi phala losefukira. Ndinatsuka ndi burashi, kajeti kotulutsa gasi n'kukapemerera osakakuza bowo, lawi linabwerera la buluu. Ndisananyamuke ndinapaka thovu la sopo pa paipi, monga ndimachitira nthawi zonse, ndipo pafupi ndi regulator, chochepetsa mphamvu ya gasi pa silinda, panatuluka timathovu. Paipi inali itang'aluka ndi ukalamba. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, amakhala pansi m'khitchini osauluka, n'chifukwa chake sitisaka podontha ndi machesi. Ndinaika paipi yatsopano ndi zomangira ziwiri.

Loweruka mayi a masikono aja anaimbanso, akupepesa kuti akundivutitsa. Uvuni ukuyaka, koma makeke akupsa kumbuyo, kutsogolo ali aawisi. Ankaganiza kuti ndi thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha. Ndinaika choyezera kutentha pakati pa uvuni, n'kutchera pa madigiri 180, ndipo patapita mphindi 20 chinali pafupi pomwepo, kagetsi kakuzima ndi kuyaka bwinobwino. Kenaka ndinapanitsa pepala pachitseko n'kulikoka. Kumanja linagwira, kumanzere pamwamba linatuluka lokha. Labala yozungulira chitseko inali itauma n'kuduka pakona, kutentha kukuthawira pamenepo, ndi chifukwa chake mabatani apamwamba ankatentha. Ndinali nayo ina m'chikwama, ndipo inakwana. Tinadikira limodzi thireyi yoyamba. Masikono khumi ndi awiri anatuluka ofiirira mofanana, ndipo awiri anandikulungira m'pepala kuti ndikapatse ana.