Zithunzi zinandigoneka mu ofesi Lachinayi

Ntchito ya sabata ino inali yosamutsa webusaiti ya bungwe lina kuchoka pa seva (kompyuta yosungira webusaiti) yake yakale kupita pa WordPress, pulogalamu yoyendetsera mawebusaiti. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zachizolowezi, nkhani zonse zinalowa bwinobwino. Koma zithunzi zinatsala kwawo. Pa tsamba zikuoneka, inde, koma zikuchokera ku seva yakale ija, yomwe aithimitsa kumapeto kwa mwezi uno. Zilipo zoposa 4,000, zambiri zojambulidwa pa kamera ku misonkhano, n'kuikidwa momwemo osachepetsa ngakhale pang'ono.

Lachitatu masana ndinaika plugin (kapulogalamu koonjezera pa WordPress) yokoka zithunzi, n'kudina. Inazungulira, inazungulira, kenako 504 Gateway Timeout, uthenga woti seva yatopa kudikira. Ndinadinanso. Chimodzimodzi. Kachitatu ndinadina ndi mkwiyo.

Anzanga a ntchitoyi mukudziwa kuti Nginx (pulogalamu yolandira mapempho pa seva) ikadikira masekondi 60 osamva kanthu kuchokera ku PHP (yomwe imayendetsa WordPress) imagwa ulesi. Ndipo WordPress sikoka chithunzi n'kungochisunga ayi. Chilichonse imachipangira makope, a mapikiselo 150, 300, 768, 1024, 1536 ndi 2048, ndipo kuyambira pa WordPress 5.3 chopitirira mapikiselo 2560 imayamba yachichepetsa kaye. Chithunzi chimodzi cha nduna ikudula riboni chikudya masekondi angapo pachokha.

Chimene ndinaiwala n'choti 504 ija sikutanthauza kuti PHP yaima. Pa Linux masekondi 30 a max_execution_time, malire a nthawi imene PHP imaloledwa kugwira ntchito, sawerengera nthawi yodikira netiweki, ndiye kumbuyo inali ikukokabe. Ine kudina katatu, ndinatuma anthu atatu kumunda umodzi. Nditatsegula foda ya uploads ndinagwira pakamwa: msonkhano.jpg, msonkhano-1.jpg, msonkhano-2.jpg, chilichonse ndi ana ake asanu ndi mmodzi. Madzulo onse anathera kufufuta.

Apa ndi pamene zinandipwetekera. Ndi WP-CLI, chida cholamulira WordPress polemba malamulo pa terminal osadzera pa browser, nkhaniyi ikanatha ndikumwa tiyi, chifukwa PHP ya pa terminal ilibe malire a nthawi. Koma hosting (malo a pa seva) imene bwana anagula ndi yotchipa ija, ilibe SSH, njira yolowera pa terminal ya seva uli kutali. Ndinawauza mwezi watha, pamaso pa aliyense. Lachinayi m'mawa ndinawakumbutsa.

"Bwana, popanda SSH zithunzizi zitivuta."

"Achimwene, kasitomala sadziwa za SSH. Amadziwa Lachisanu."

A hosting nawo anandiyankha patapita tsiku, kungoti pa phukusi limeneli sasintha kalikonse, koma ndikafuna ndikwere phukusi lina. Ndalama yake ndani?

Ndiye ndinalemba kapulogalamu kanga kakang'ono. Kamakoka zithunzi khumi, n'kubwerera ku browser, n'kupemphanso zina khumi kudzera pa AJAX (njira yotumizira pempho osatsegulanso tsamba), kuti pempho lililonse lizitha Nginx isanatope. Chithunzi chikalowa, kamalemba mu database nthawi yomweyo kuti ichi chatha, ndipo kasanakoke kamayang'ana kaye ngati chilipo kale. Makope aja ndinawaletsa ndi filter (njira yosinthira zochita za WordPress), adzapangidwa pambuyo pake. Ndiponso download_url(), yomwe WordPress imakokera mafailo, ukaisiya yokha imadikira chithunzi chimodzi masekondi 300, tangoganizani, ndiye ndinaidula kufika pa 15. Chokana kubwera chimapita pa mndandanda wake, ntchito n'kupitirira.

Cha m'ma 9 koloko usiku magetsi anathima, rauta n'kufa. Jenereta ya pa ofesi ilibe mafuta chiyambire mwezi uno, aliyense akudziwa. Ndinalumikiza foni, bandulo yangayanga, n'kutsegulanso tsamba mtima uli m'mwamba. Kanayambira pa chithunzi cha 1,871, pamene kanalekezera. Ndinaseka ndekha mumdima mpaka alonda anabwera kudzasuzumira pawindo ndi tochi.

"Muli bwino, bwana?"

"Ndili bwino, madala. Zikuyenda."

Kanamaliza kutatsala pang'ono kucha, batire ya laputopu ili pa 6%. Zithunzi 37 zinakana, ndipo nditazitsata ndinapeza kuti ku seva yakale komweko zinafufutidwa kalekale.

Lachisanu bwana anaonetsa kasitomala webusaitiyo, akumwetulira, akuti sizinavute konse. Ine ndinali pakona, maso ofiira, malaya adzulo. Risiti ya bandulo ndaisiya pa desiki yawo pamodzi ndi mtengo wa phukusi lokhala ndi SSH, pakuti webusaiti yotsatira akuti ili ndi mavidiyo.