Ku Katembe, kumene madzi amachoka n'kubweranso

Ndinafika ku Maputo miyendo itatupa. Kuchokera kwathu ku Ulongwe ndinatsikira kaye ku Tete, n'kukwera mashibombo wodzera ku Chimoio, Inchope, Maxixe ndi Xai-Xai, ulendo wa makilomita oposa 1,500. Masiku atatu oyamba mumzindamo mutu unkangondilemera. Machapa (maminibasi) kulizirana mahutala, anthu kupanikizana ku Baixa, pakati pa mzinda, aliyense ali chothamanga ngati wasiya mphika pamoto. Mwana wa mlongo wanga, amene amagwira ntchito kumeneko, anaona kuti tulo sindikutipeza. Loweruka m'mawa anati, "Amalume, valani nsapato tiwolokere ku Katembe, mukapumeko."

Katembe ndi gawo la mzinda wa Maputo womwewo, kungoti ili kutsidya kwa madzi. Kale anthu ankadalira pantoni, koma ife tinadutsa pa mlatho umene unatsegulidwa mu Novembala 2018. A ku Tete timanyadira mlatho wa Samora Machel wolenjekeka pa zingwe pamwamba pa Zambezi, koma uwu ngwina. Pakati pa nsanamira zake ziwiri pali mamita 680, ndipo sitima zolowa padoko zimadutsa pansi pake.

Titangosiya tala n'kulowa m'njira zamchenga, phokoso lonse linatsalira m'mbuyo. Nkhuku zikupalasa, ana akumenya mpira, amayi atavala makapulana atakhala pafupi ndi mabeseni a nsomba, osakuwa, osakoka munthu dzanja. Ukayang'ana kutsidya, nyumba zosanja za Maputo zikuoneka zonse mbee, koma mawu ake osafika.

Chimene chinandigwira mtima ndi madzi. Kwathu mtsinje wa Revubue umadzaza m'dzinja n'kuphwa m'chilimwe, kamodzi pachaka basi. Kuno nyanja imaphwa n'kudzazanso kawiri pa tsiku. Tinafika madzi atathawira kutali, mabwato atagona chammbali pamatope. Tinkhanu ting'onoting'ono tinkatuluka m'mauna, ndikangosuntha phazi tonse n'kulowa nthawi imodzi. Bambo ena aimvi anali atakhala pa bwato lawo akusoka ukonde, atakoloweka chala chachikulu cha kuphazi m'maso mwa ukondewo kuti ukungike. Iwo amalankhula Chironga, ine Chichewa, ndiye tinakumana pa Chipwitikizi. Ndinawafunsa kuti alowa m'madzi nthawi yanji. Sanayang'ane foni ngakhale dzuwa. Analoza chikhomo chimene anamangirirapo bwato n'kunena kuti, "Akafika apa."

Ndinakhala pansi kudikira nawo. Madziwo anabweradi, mwakachetechete, kuyamba kudzaza timaenje, kenako kukwirira mapazi a anthu amene anayenda pamatopepo. Bwato lija linadzuka lokha pang'onopang'ono n'kuyamba kukoka chingwe. Bambowo anapinda ukonde, anyamata awo awiri anatulukira, ulendo unayambika popanda woitana mnzake.

Masana tinadya pa baraka ya mayi ena: nsima, kamarau (mtundu wa nkhanu za m'nyanja) wootcha pamakala, ndi matapa, chimene ndi chigwada chosinja chotendera ndi mtedza ndi kokonati. Ine wokulira pa nyemba za ku Angónia ndi kapenta wa ku Cahora Bassa ndinapempha ndiwo yachiwiri. Pochoka ndinathokoza m'chinenero chawo, "Kanimambo, mama," nkhope yawo inawala.

Koma pobwerera mtima unayamba kundilemera. M'mbali mwa msewu muli milu ya njerwa zasimenti, mipanda yatsopano, malo oyezedwa kale. Mlatho wafupikitsa njira, magalimoto opita ku Ponta do Ouro akudutsa motsatizana, ndipo a ndalama aona kuti kuno n'kokongola. Ife a ku Tete zimenezi tikuzidziwa. Malasha atafunika ku Moatize, mabanja mazanamazana anasamutsidwira ku Cateme m'zaka za 2009 ndi 2010, kutali ndi mtsinje umene ankaudalira. Ndinkangoganiza za bambo aja, kuti atawapatsa nyumba yamalata kumtunda, chikhomo chija angakachikhome pati? Mwana wa mlongo wanga anati, "Amalume, komatu ntchito zabwera, ndipo wodwala usiku sadikiranso pantoni." Akunena zoona, sindinamutsutse. Nkhawa yokha sinandichoke.

Amayi anandituma chinthu chimodzi chokha pochoka ku Ulongwe, madzi a m'nyanja yamchere, poti sanaionepo. Ndinatunga pamalo pomwe panagona bwato paja, m'botolo la lita imodzi ndi theka. Ndalikulunga m'kapulana, lili pansi pa chikwama, ndipo mashibombo wa ku Tete anyamuka mbandakucha.