Kwa inu amene munabwerera pachitunda paja

Tcheni cha njinga yanga chinaduka pomwe phula limathera, msewu wafumbi utangoyamba kukwera. Theka la ulendo wozungulira phiri linali likadalipo, dzuwa litapendeka, miyendo ikunjenjemera.

Achimwene a njinga yobiriwira, munali mutandipitirira kale, koma munabwerera. Munagwada pamiyala, n'kuchotsa mfundo yopindikayo, n'kulumikiza tchenicho manja ali bii ndi girisi. Munandichenjezanso kuti poti chafupika, ndisachikweze pa magiya aakulu kutsogolo ndi kumbuyo nthawi imodzi. Ngakhale dzina sindinakufunseni, pepani.

Chifukwa cha inu ndinafika pamwamba kukuwalabe. Kutsetsereka ndinatsika modekha, osakanirira mabuleki, monga munandiuzira. Ana anga, amene anali atayamba kuda nkhawa, anandiona ndikutulukira ndikupalasa ndekha. Zikomo kwambiri, achimwene.