Tinagona m'mbali mwa damu la Mpira

Kutentha kwa Okutobala uno kunatikwana moti Loweruka lapitali ine ndi achimwene tinangoti basi tiyeni kuphiri. Tinabwereka tenti kwa mnzathu, kugula mbatatesi ndi tomato pa Ntcheu boma kenako kukwera njinga zamoto za kabaza ulendo wa ku nkhalango ya Mvai komwe kuli damu la Mpira. Tisanakhome tenti tinayamba tapempha kwa abambo ena oyang'anira malowo, anatilozera pabwino n'kutiuza kuti "ana anga, moto wokhawo musamale, udzuwu wauma kwambiri."

Abale kumtunda kuja ndi dziko lina. Masana nyenje zinali kulira mpaka m'makutu kuwawa koma dzuwa litangolowa kamphepo kanayamba kutsika m'phiri, ine amene ndimadandaula kutentha ndinafunafuna juzi mchikwama. Mitengo ya mombo inali itaphuka masamba atsopano ofiirira aja ndipo amaonekanso m'madzi, madziwo ali phee, mwa apo ndi apo kambalame kamadutsa chapansipansi kukhudza madzi ndi mlomo n'kupita. Tinaika mafuwa atatu, achimwene akuvundula nsima ine ndikukazinga mbatatesi, utsi m'maso koma nsima imeneyo sindidzaiwala.

Titadya achimwene anandikumbutsa za 2018 pomwe damu lomweli linaphwa, pansi pake panangotsala matope ong'ambikang'ambika. Mayi athu amakhala ku Balaka, madzi a pampopi wawo amachokera konkuno amangotsetsereka m'mapaipi kuchoka kuphiri, ndiye chaka chimenecho ankadzuka mbandakucha kukaima pamzere pamjigo ndi zigubu, munthu wamkulu miyendo ikuwawa. Ndinakhala chete ndithu ndikuyang'ana madziwo, kuganiza kuti awa ndi omwewa mayi amaphikira tiyi m'mawa.

Ndiye m'mamawa chinandidzutsa si tambala ayi, inali nkhwangwa. Kho! kho! chapatali kuseri kwa chitunda, ndipo kautsi koyera ka uvuni wa makala kamakwera pang'onopang'ono. Mtima unandipweteka zedi. Munthuyo ndikumumvetsa, mwina kunyumba ana agona ndi njala ndipo makalawo ogula ndife tomwe a mtauni, inenso mbaula ndili nayo. Koma mtengo ukagwa pamtunda paja mvula ikabwera dothi lonse limakokolokera m'damu, chaka ndi chaka damu likukwiririka, madzi amachepa ngakhale mvula igwe bwino.

Tinathira madzi paphulusa mpaka lizizire, achimwene anagwira ndi dzanja kutsimikiza, tinatola mapepala athu ndi majumbo ena omwe tinawapeza pomwepo. Potsika netiweki itagwira ndinaimbira mayi, ndinati amayi tagona ku Mpira, iwo funso loyamba linali lakuti "nanga madzi alimo ochuluka bwanji mwanawe?"